Adamugoneka pa Njanji Yadzimbiri

Sitima siipha munthu mwaulemu. Marcelina ankadziwa zimenezi chifukwa mwamuna wake, Benedicto, adakamutola yekha ndi manja ake ku Chipoka zaka zisanu ndi zitatu m'mbuyomo, atapanikizidwa pakati pa mabogi, ndipo zonse zimene adatola zidakwana m'thumba la chimanga. N'chifukwa chake Lachiwiri m'mawa, pamene adzukulu adavundukula nsalu kuti abale aone nkhope ya mlamu wake Lexon, iye sadataye nthawi ndi nkhope. Adakoka nsalu yonse mpaka kumapazi.

Adzukulu adadandaula kuti mkazi sachita zotero pa mtembo wa mwamuna wa mwini. Marcelina adawauza kuti akamusumire kwa amene adawalemba udzukulu.

Munthu adali wathunthu. Miyendo yonse iwiri idathyoka m'munsi mwa mawondo, pamalo ofanana ngati wina adachita kuyeza ndi chingwe. Kunkhongo kudali bala limodzi. Zala zonse khumi zidalipo. Basi.

Koma apolisi adati ndi sitima. Lexon adamupeza Lolemba m'mawa atagona panjanji ku Kanengo, pafupi ndi pamene msewu umadutsa njanji yatsopano yolowera ku Mchinji, kumalire. Chimenecho chidali chaka chimene sitima idafika koyamba ku Lilongwe kuchokera ku Salima, boma litasamuka kale ku Zomba, ndipo anthu ankayenda wapansi mtunda wonsewo kukangoiona ikudutsa. Sajeni amene adalemba nkhaniyo adaona munthu wakufa, adaona njanji, n'kuphatikiza ziwirizo ngati samu za Sitandade wani.

Choipa chenicheni chidabwera Lolemba madzulo. A Maynard Chadzunda, mkulu wa mumpingo wa Lexon, bwana wa m'maofesi a boma wokhala ku Area 10, adafika pasiwa ku Mchesi pa lole yobwereka, atanyamula bokosi lopaka vanishi la zogwirira zonyezimira. Anthu adati koma munthuyu ngwachifundo. Atatsitsa bokosilo adaitanira akulu a mpingo kuseri kwa nyumba, ndipo ndi misozi m'maso adawauza kuti Loweruka Lexon adabwera kwa iwo n'kunena kuti watopa nawo moyo. A Ezekiel Msowoya, mphunzitsi wa kumpoto amene ankatsogolera mpingowo, sadali munthu woipa, koma lamulo ankaligwira ngati mpini wa khasu. Adati wodzipha sayimbiridwa, salalikidwa, ndipo sanyamulidwa ndi mpingo. Amayi adapita kukavula zoyera zawo, n'kubwerera atavala za masiku onse.

Amene sadakhalepo pamaliro opanda nyimbo asayankhule. Umamva aliyense akutsokomola, umamva nkhuku, umamva ana akufunsa chifukwa chake anthu angoti zii. Galu akafa timamukwirira momwemo. Ndipo sizithera pamanda: ana atatu a Lexon akadakula akulozedwa kuti awo ndi a wodzipha uja, ndipo wofunsira mbeta akadayamba wafunsa kwawo ngati zimenezi siziyenda m'magazi.

Maliro adati aika Lachitatu m'mawa, amayi ake a Lexon akafika kuchokera ku Kasiya. Tsiku lidatsala limodzi.

Alinesi, mng'ono wake wa Marcelina, namfedwa, adakhala pamphasa pambali pa bokosi, wosaloledwa kutuluka ngakhale pakhonde. Misozi idali itamuuma. Adamukoka mkulu wake chitenje.

"Achemwali, munthu wofuna kufa amasoketsa buluku? Anandiuza kuti ndimusokere pabondo, avala Lamulungu. Anatenga mbatata zake m'kachitini. Anapopa njinga."

"Njingayo ili kuti?"

Alinesi adayang'ana pakona pamene njingayo inkagona masiku onse. Apolisi adabweretsa nsapato, chipewa ndi kachitini ka mbatata. Njinga sadabweretse.

Marcelina adamanga mpango woyera kumutu, adauza mnzake wa ku Msika wa Lilongwe kuti amuphimbire matimati ake, n'kutuluka osatsanzika munthu.

* * *

Siteshoni ya ku Kanengo idali ikununkhabe penti. Marcelina sadalowe mu ofesi. Ankadziwa kuti kunjanji choonadi sichikhala ndi ovala tayi, chimakhala ndi amene manja awo ali ndi girizi. Adafunsa wotembenuza mapointi, zitsulo zopatutsira sitima, ndipo adamulozera kanyumba ka malata kumapeto kwa siteshoni.

Adali Redson, mdala wa ku Balaka wopanda zala ziwiri, amene adagwirapo ntchito ndi Benedicto. Atamuzindikira adavula chipewa. Redson sankadziwa kuyankha funso asanafotokoze mbiri yake, choncho Marcelina adayenera kumva kaye kuti iye adayamba ku Limbe ndi injini za malasha, kuti adayala njanji ya ku Salima mpaka kuno limodzi ndi Lexon phiri ndi phiri, kuti sitima ya anthu ndi katundu imafika masana, ndipo ya miyala imanyamuka hafu faifi m'mawa kupita kumene anyamata afika nayo njanji ya ku Mchinji. Adati ikadzafika kumalire iye adzapuma, koma a ku Zambia sakuoneka kuti akubwera kudzailandira.

"Achimwene, sindinabwerere sukulu. Ndionetseni pamene anagona."

Adayenda m'mbali mwa miyala mpaka pafupi ndi msewu. Pamenepo njanji zidali ziwiri, zogona moyandikana. Ya kutali ndi msewu inkanyezimira pamwamba ngati mpeni wa pabutchala. Ya kufupi ndi msewu idali yofiira.

Redson adaloza yofiirayo ndi dzanja lake lopereweralo. Adati Lexon adamupeza pamenepo, miyendo ili panjanji, manja atayikidwa bwinobwino m'mbali. Kenako adatulutsa kiyi m'thumba. Adati imeneyo ndi njanji yopatukira, adaiyala mwezi wa Epulo kuti sitima ziwiri zizidzapatsana njira, koma mapointi ake ndi okhoma ndi loko, kiyi ndi ameneyu, ndipo chiiyalire gudumu silidapondepo.

"Njanji yoyenda sitima imawala, mayi. Yogona imachita dzimbiri. Mwana aliyense wa kumakomboni a njanji amadziwa."

"Munawauza apolisi?"

"Ndinamuuza sajeni. Anati njanji ndi njanji."

Marcelina adamasula mpango kumutu. Adagwada, n'kupukuta nawo pamwamba pa njanji yofiirayo. Mpango udada ndi dzimbiri ngati wagwera m'dothi la katondo. Adayang'ana miyala ya pansi pake. Pamene Benedicto adafera, magazi adafika mpaka pa udzu, ndipo agalu adanyambita miyala sabata yathunthu. Pano padalibe ngakhale dontho.

Magazi adakawapeza kumsewu, mapazi makumi awiri kuchoka panjanji. Wina adawakwirira ndi nsapato, mwachangu, ngati mphaka. Pambali pake padali timagalasi tosweka. Marcelina adatola tiwiri n'kumanga pansonga ya chitenje.

Redson adayang'ana kumbuyo, adayang'ana kusiteshoni, n'kutsitsa mawu. Masiku amenewo munthu sankatchula dzina la bwana asanaone amene ali kumbuyo kwake. Adati Lolemba kusanache bwino, kuli nkhungu ya mwezi wa Juni, adaona galimoto yoyera itaima pamenepo buti ili yasa. Adayesa yaphulika tayala. Galimotoyo ankaidziwa, chifukwa mwini wake ankabwera pafupipafupi m'mamawa kudzakalipira anthu za mipando yake yochokera ku Zomba imene idachedwa m'mabogi. Adati zimenezi adauza wapolisi wina wamng'ono paudindo, wamtali, wa kumpoto, dzina lake Orton Harawa, ndipo iyeyo adalemba. Koma kuyambira dzulo madzulo amuchotsa, akulondera pakhomo la banki ku City Centre.

"Galimotoyo ndi ya ndani?"

Redson adabweza kiyi m'thumba.

"Dzulo ndinali pasiwa, mayi. Mwini wake ndinamuona akutsitsa bokosi."

* * *

City Centre idali tauni yomangidwa anthu asanabwere. Nyumba zazitali zidangoima m'tchire, misewu yotakata yopanda ngakhale wogulitsa mtedza, ndipo mphepo inkadutsa pakati pake ngati kumanda. Makalaliki ovala majekete ankamulambalala Marcelina ngati ndowe. Iye adayenda banki ndi banki mpaka adapeza wapolisi wamtali ataima dzuwa likumuwomba kumaso.

Orton adamumvera mpaka kumapeto osamudula. Chichewa chake chidali cha kusukulu, chowongoka, chopanda kukwera ndi kutsika, ngati munthu akuwerenga kalata. Adati iyenso mtembowo sudamukhutiritse. Adati atamva za galimoto yoyera adapita yekha ku ofesi ya a Chadzunda Lolemba masana. Iwo adamulandira bwino, adamupatsa ndi mpando, n'kumuuza kuti adapita ku Mchinji pantchito Lamulungu, adagona komweko, ndipo pobwerera Lolemba chakumasana adagunda ng'ombe cha ku Namitete, n'chifukwa chake galimoto ili kugalaji.

Marcelina adafunsa ngati ng'ombeyo inkakwera njinga.

Orton sadaseke. Adati iye sakhulupirira munthu chifukwa cha tayi, choncho adapita kunyumba kwawo ku Area 10 bwanayo asanaweruke, n'kufunsa mayi wophika. Akazi awo akadali ku Zomba kudikira katundu, ndiye wophikayo ndi yekhayo amene akadadziwa. Adatulutsa kabuku m'thumba la malaya n'kumuwerengera: bwana adapita ku Mchinji dzulo. Dzulo la Lolemba ndi Lamulungu. Mawu a bwana ndi a wantchito adagwirizana, wantchitoyo asadauzidwe kanthu. Sajeni atamva kuti wakafunsa mafunso munthu wamkulu adamutukwana pamaso pa anzake, n'kumutumiza kudzalondera chitseko.

"Pepani chomene, mama. Munthu sangakhale ku Mchinji ndi ku Kanengo nthawi imodzi. Pepala silinama."

"Pepala lilibe pakamwa, mwanawe. Limangobwereza za amene wagwira pensulo."

Adamufunsa njira ya kunyumbako. Orton adazengereza, kenako adamuuza kuti akhote pa msewu wachitatu, geti lobiriwira, pali mtengo wa jakaranda. Adamuchenjeza kuti kumeneko kuli agalu.

Marcelina adati agalu wawaona kale, ena adabwera ndi bokosi.

* * *

Ku Area 10 kulibe munthu woti umufunse njira. Kuli mipanda ya maluwa, kapinga wothiriridwa madzi a m'mpopi pamene ku Mchesi amayi amalimbirana chitsime, ndi zikwangwani zojambula galu. Marcelina adagogoda geti lobiriwira ndi mwala mpaka mayi wina wonenepa, wa zaka ngati zake, adatulukira kuseri atanyamula beseni la zochapa.

Marcelina adanama kuti bwana adalonjeza nkhuni za pamaliro. Mayiyo adamanga galu, adamutsegulira, n'kumupatsa madzi akumwa m'kapu ya antchito. Adati iye ndi Naphiri, kwawo ndi kumalire kwenikweni, kumene munda umayambira ku Malawi n'kukathera ku Zambia, ndipo adakulira kwa azakhali ake ku Chipata. Zidamvekeratu pakamwa pake.

"Awe, pepani maningi. Nimvela ati anali munthu wabwino. Manje maliro muika mailo?"

"Mailo? Sitinaike ayi. Tiika mawa."

"Ndiye nakamba. Mailo."

Marcelina adatsitsa kapu pang'onopang'ono. Pamsika ankagula anyezi kwa amayi a kumalire, ndipo adakumbukira kuti kwa iwo mawu amenewa ali ndi nkhope ziwiri: tsiku lapita ndi mailo, tsiku likubwera ndi mailonso. Umasiyanitsa ndi mmene munthu wakwezera kapena kutsitsira mawu oyandikana nawo. Koma a kumpoto, amene ankagula nsomba pabenchi yoyandikana ndi yake, akati mayiro ndiye kuti dzulo basi, palibenso china.

Adamufunsa Naphiri chimene wapolisi adafunsa dzulo, ndi chimene iye adayankha, mawu ake enieni.

Naphiri adati wapolisiyo adafunsa kuti za ku Mchinji bwana apita liti. Iye adayankha kuti apita mailo. Ndipo sadaname: ulendowo udali wa lero Lachiwiri, iye mwini adasita malaya atatu n'kulongedza chikwama, chili pabedi mpaka pano chifukwa bwana asintha maganizo. Wapolisiyo adalemba, adathokoza mwaulemu, n'kumapita.

Apita mailo. Wa kumalire adanena za mawa, wa kumpoto adamva za dzulo, ndipo pakati pa makutu awiriwo wakupha munthu adadutsa osagunda kanthu.

"Ndiye Lamulungu anagona kuti?"

"Muno. Ninawapikila nkhuku."

Kuchokera pamenepo Naphiri adayamba kuyanika zovala atafulatira, akuyankhula ngati akuuza chingwe. Adati Lolemba bwana adadzuka kukadali mdima kuti akathamangire ku Kanengo za mipando. Adabwerera dzuwa litangotuluka, nyali imodzi ya galimoto itasweka. Munthu amene sadatsukepo ngakhale kapu yomwe wamwera tiyi adapempha ndowa ndi sopo, n'kutsuka galimoto yekha, buti ndi mkati momwe. Adamutuma Naphiri kugolosale kukagula machesi, machesi ali tho m'kabati. Pobwerera adapeza dzenje la zinyalala kuseri kwa kanyumba ka antchito litadzazidwa udzu wa kapinga, chikhalirecho wodula kapinga amabwera Lachisanu.

Adati iye ali ndi ana asanu kumudzi amene amadya za m'nyumba muno. Adati sadaone munthu aliyense lero, ndipo tsopano akupita kukasita kuchipinda cha kutsogolo, kumene mawindo ake sayang'ana kuseri. Geti aliiwala kukhoma.

Marcelina adapita kudzenje. Adafukula udzu ndi manja. Choyamba kuoneka chidali keriyala yomangidwa ndi mphira wakuda, ndipo pa keriyalapo padali kathabwa kamene Lexon adakhomera kuti mwana wake wamng'ono azikhalapo popita kutchalitchi.

* * *

Njingayo siikadayenda. Gudumu la kumbuyo lidapindika ngati chipande, ndipo pachitsulo chake padakanirira penti yoyera. Marcelina adapota udzu kukhala nkhata, adaisenza pamutu ngati mtolo wa nkhuni, n'kutuluka nayo pageti masana dzuwa lili phwee.

Adadzera dala ku City Centre. Makalaliki amene adamulambalala aja tsopano adaima m'mawindo. Atafika pakhomo la banki sadaitsitse.

"Kwanu mayiro ndi liti?"

"Ndi dzulo, mama."

"Kumalire ndi dzulo, ndi mawanso. Mayi uja amakuuza kuti bwana apita mawa. Chikwama chikadali pabedi."

Orton adayang'ana njinga, adayang'ana penti yoyera. Adatulutsa kabuku kake, adawerenga mzere uja milomo ikugwedezeka, ndipo nkhope yake idagwa. Adati akachoka pachitseko ichi asanamulandire mnzake, ntchito yatha. Marcelina adati iye sadamuitane, amangomuuza kuti adziwe chimene pensulo yake yachita. Adatembenuka n'kumapita.

Asanafike pamlatho wa Lingadzi adamva nsapato za chipolisi kumbuyo kwake. Orton adapempha kuti amulandire katunduyo. Adakana. Adayenda choncho mtunda wonse, kudutsa Old Town, kudutsa pamsika pamene anzake adasiya kuitanira malonda n'kumamuyang'ana, khosi likuwawa, chitsulo chikumudya paphewa, mpaka ku Mchesi dzuwa litapendeka.

Pasiwa padali zii yemwe uja. Amuna adakhala panja mozungulira chitsa chofuka. A Maynard Chadzunda adali atapatsidwa mpando wokhawo wa ndalema, pambali pa a Ezekiel Msowoya, ndipo ankamwa tiyi m'kapu ya alendo. Marcelina sadagwade, sadapereke moni. Adadutsa pakati pa amuna n'kugwetsa njingayo pamapazi pa a Chadzunda. Belu lidalira lokha kamodzi.

M'nyumba, Alinesi adalimva belulo. Adatuluka, mwambo kapena ayi, n'kuima pakhomo atagwira chitseko.

Marcelina adayankhula ndi a Ezekiel, osati ndi winayo. Adawayalira mpango pamawondo kuti aone dzimbiri. Adati mlamu wake adamugoneka panjanji imene chiiyalire sitima siidapondepo, ndipo kiyi wa mapointi ake ali m'thumba la Redson, amene adali atafika kale pasiwapo ndipo adaimirira n'kumuonetsa. Adamasula timagalasi pansonga ya chitenje n'kutiyika pa mpangopo. Adanena pamene adapeza magazi, ndi pamene adapeza njinga, koma sadatchule amene adamutsegulira geti.

A Chadzunda adaseka pang'ono. Adati mayiyu chisoni chamusokoneza mutu, ndipo kulowa pakhomo pa munthu popanda chilolezo ndi mlandu. Adati njinga aliyense angathe kuiponya kuseri kwa mpanda wa mnzake. Adati iwo adali ku Mchinji, ndipo apolisi adatsimikiza kale.

Orton adavula chipewa. Adati wapolisi amene adatsimikizayo ndi iye, ndipo adalemba molakwa. Adafotokoza za mawu aja. Adati ngati bwana adagonadi ku Mchinji, atchule nyumba imene adagona ndi mwini ng'ombe imene adagunda, iye apita mawa pa ndalama zake kukafunsa.

A Ezekiel, amenenso kwawo mayiro ndi dzulo, adatseka maso. Kenako adatembenukira kwa mnzawo wa pampando wa ndalema.

"A Chadzunda, Lamulungu m'mawa munali m'tchalitchi. Munandithandiza kugawa mgonero. Ulendo wa ku Mchinji munanyamuka nthawi yanji?"

A Chadzunda adayesa kuyika kapu pansi, tiyi adatayikira pa nsapato. Adayang'ana lole, koma woyendetsa adali atapita kukamwa madzi. Adayang'ana pakhomo, n'kukumana ndi maso a Alinesi. Pamene adayankhula, mawu adatuluka aang'ono, osafanana ndi mimba yawo.

"Kunali nkhungu. Sindinamuone."

"Nkhungu inamugunda," adatero Marcelina. "Chabwino. Inamunyamulanso nkhunguyo kukamugoneka panjanji? Inakwirira magazi ndi nsapato? Ndi nkhungu inabwera pano ndi misozi kudzatiuza kuti anatopa ndi moyo? Kumupha munamupha mwangozi, bambo. Koma munabwerera dala kudzamuphanso kachiwiri, ana ake akuona."

Anyamata ena adaimirira ndi zikuni. Orton adaima pakati, adamugwira bwanayo pamkono, n'kuwauza kuti munthuyu ali m'manja mwa boma. Palibe amene adakhulupirira kuti manja a boma adzamugwira nthawi yaitali. Anthu a mtundu umenewo amalowa pakhomo la kutsogolo n'kutulukira la kumbuyo, ndipo amene amasamutsidwira kutchire ndi wapolisi amene adawagwira. Orton yemwe ankadziwa. Adamukweza pa lole yomwe idabwera ndi bokosi ija.

Lole itapita, Alinesi adayankhula koyamba pagulu chifikire maliro.

"Mutulutseni m'bokosi limenelo."

Adzukulu adati bokosi likalowa m'nyumba silibwerera, ndipo lina alitenga kuti dzuwa likulowa kale. Alinesi adati ndiye amukulunge mumphasa ngati makolo ake, koma mwamuna wake sagona m'thabwa la amene adamupha. Redson adati kusiteshoni kuli matabwa a makireti, ndipo anyamata a njanji ali ndi sowo ndi misomali; likhala lopanda vanishi koma lifika kusanache. Bokosi lonyezimira lija adalitulutsa n'kulisiya kuseri, pafupi ndi chimbudzi. Nkhuku zidakwerapo.

A Ezekiel adakhala nthawi yaitali ndi mpango wadzimbiri uja pamawondo. Kenako adaupinda bwinobwino, adaubweza kwa mwini wake ndi manja awiri, n'kuimirira. Sadapepese, amuna otere mawu amenewo amawatsamwa. Adangotembenukira kwa amayi n'kuwauza kuti apite akavale zoyera.

A Ezekiel sadadikire kuti amayiwo abwerere. Adayambitsa okha nyimbo, ndi mawu okalamba, onjenjemera, poyambira pokwera kwambiri moti amuna adavutika kuilandira. Koma adailandira. Amayi amene adali m'njira adaimva ali kumipanda, n'kuyamba kuyankha akumanga malamba. Idalowa m'nyumba, idadzaza pamene padali zii masiku awiri, ndipo Alinesi adagwa pamphasa n'kulira kulira kwenikweni, kwa mkazi amene mwamuna wake wafa imfa yoti anthu angaitchule.

Marcelina sadayimbe. Adakhala pansi pakhonde, khosi litauma, mapazi atang'ambika. Mwana wamkazi wamkulu wa Lexon adabwera ndi beseni kuti amayi ake aakulu asambe m'manja, n'kufunsa ngati achape mpangowo.

Marcelina adati ayi. Adati aupinde auike pansi pa sutikesi ya amayi ake, ndipo tsiku limene munthu adzamufunse mmene bambo ake adafera, asadzayankhe kanthu, adzangoutulutsa.